Abale aja apita kuti m'mabuku atsopanowa?

Mitundu iwiri ya mabuku ndi imene imandichedwetsa kugona: ofufuza za munthu wophedwa, ndi a zachikondi. Alipo anthu amene amawaona ngati mabuku otsika, ongotayira nthawi, koma ine ndimawalemekeza chifukwa mlembi wake amalonjeza kanthu pa tsamba loyamba ndipo sangalithawe lonjezolo. Wa zofufuza amakuuza kuti ukafika kumapeto udziwa amene wapha ndi chimene waphera. Wa zachikondi amakuuza kuti awiriwa avutika ndithu, koma sakusiya m'malere. Zaka zaposachedwazi ndawerenga ambiri mwa atsopano amene anthu akuwatama pa TikTok ndi pa Facebook, ena ogula kwa anyamata oyala mabuku m'mbali mwa msewu mu Blantyre muno, ena obwereka, ena a pafoni. Chimene chikundidandaulitsa n'chakuti m'mabuku ambiriwa anthu athamo. Mwatsala awiri kapena atatu odzitsekera m'nyumba imodzi, opanda mayi, opanda mlongo, opanda woyandikana naye wosuzumira pampanda. Ndikayang'ana amene ndikuwakumbukirabe patapita miyezi, onse ndi aja amene abale ndi anansi adakalimo.

Amene amanditopetsa kwambiri ndi aja otsata mapazi a Gone Girl, buku la Gillian Flynn limene linatuluka mu 2012 n'kuyenda malonda koopsa. Chiyambire pamenepo alembi ambiri amaika mphamvu zawo zonse pa tsamba limodzi lokha, pamene nkhani imagadabuka iwe n'kuzindikira kuti amene wakhala akukufotokozera uja amakubisira zinthu. Limene anzanga ambiri awerenga ndi The Housemaid la Freida McFadden, la mu 2022. Millie, mtsikana wochokera kundende amene wakhala akugona m'galimoto, wapeza ntchito ya m'nyumba kwa banja lolemera la a Winchester ku Long Island. Amupatsa kachipinda ka pamwamba penipeni pa nyumba, zenera lake losatseguka, chitseko chake chokhomera kunja. Chitseko chimenecho mlembi anachiganiza bwino. Ukangowerenga kuti loko ali kunja, mtima umayamba kugunda ndipo buku sulisiyanso. Ndinalimaliza usiku womwewo.

Koma kutacha ndinapeza kuti mwa ine simunatsale kanthu. Anthu ochepa amene ali kunja kwa banjalo, wosamalira maluwa ndi amayi a miseche a kusukulu kwa mwana, alipo kuti angokankha nkhani ifike pa tsamba lija. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti ntchito ya Millie yomweyo ikanatha kunyamula buku lonse. Aliyense amene wagwirapo ntchito ya m'nyumba, kapena amene wakulira m'nyumba ya wantchito, akudziwa kuti palibe chinsinsi cha banja chimene chimamudutsa munthu wochapa ndi kusesa. Amapeza risiti yoiwalika m'thumba la thalauza. Amaona mbale imene yabwerera chakudya chosakhudzidwa. Amadziwa amene wagona pabalaza chifukwa ndiye amapinda bulangete m'mawa. Munthu wotereyu akanatha kuzindikira choonadi pang'onopang'ono, ife tikuzindikira naye limodzi. M'malo mwake mlembi amangotisinthira wofotokoza pakati pa buku, n'kutiuza yekha zonse zimene anatibisira.

Kubisa pakokha si mlandu. Agatha Christie anachita zimenezi kale mu 1926, m'buku lina limene sinditchula dzina kuopa kukuwonongerani. Kusiyana kwake n'kwakuti ukalibwereza lija, umapeza kuti palibe chiganizo ngakhale chimodzi chimene chinali bodza. Zonse zinali pamaso pako, iwe ndiwe amene unayang'ana kumbali. Mu 1929 wansembe wina wa Chikatolika wa ku England, Ronald Knox, amenenso ankalemba mabuku otere, anandandalika malamulo khumi a ntchitoyi. Ena mwa iwo amati wakuphayo atchulidwe koyambirira kwa nkhani, wofufuza asabise kwa wowerenga chizindikiro chilichonse chimene wapeza, mlandu usathe mwangozi, ndipo mizimu ndi zamatsenga zisakhale yankho. Sindikunena kuti alembi a lero azimvera Knox ngati malemba, ayi. Koma mtima wa malamulowo ndi ulemu kwa wowerenga, ndipo ulemu umenewo ndi umene ndikuusowa. Ndikumbukirenso kuti gogo uja wa Christie, Miss Marple wa m'mudzi wa St Mary Mead, analibe mfuti kapena galasi lokuzira zinthu. Ankatha milandu chifukwa anakhala zaka zambiri akuona anthu a m'mudzi mwake, amene amanama pa ndalama za tchalitchi, amene amabisa ngongole, ndipo mlendo aliyense ankamukumbutsa winawake wa kwawo.

N'chifukwa chake The Thursday Murder Club la Richard Osman, la mu 2020, linandikomera mmene linandikomeramo. Okalamba anayi amakhala pa malo osungirako anthu opuma pantchito otchedwa Coopers Chase, ku Kent, ndipo Lachinayi lililonse amakumana kuti aunikenso milandu yakale imene apolisi analephera. Elizabeth anali kazitape, Joyce anali namwino, Ibrahim anali dokotala wa matenda a maganizo, Ron anali mtsogoleri wa bungwe la apantchito. Kenaka munthu aphedwa pafupi pomwepo. Chida chawo chachikulu n'chakuti palibe amene amawawerengera. Pali pena pamene amuitana wapolisi wamkulu, Chris Hudson, n'kumukhazika pampando wothina pakati pa okalamba awiri, kapu ya tiyi m'dzanja ili, keke m'dzanja ilo, alibe poika, iwo akumufunsa mafunso mokoma ngati agogo osadziwa kanthu, mpaka wawauza zimene sanayenere kunena. Ndinaseka ndekha, komanso ndinaona kuti mlembiyu amawadziwa bwino okalamba.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri si mlanduwo koma Stephen, mwamuna wa Elizabeth, amene wayamba kuiwala. Elizabeth, mayi amene saopa munthu, amaubisa matendawo kwa aliyense chifukwa akudziwa kuti akadziwika amuchotsera mwamuna wake. Stephen amathabe kusewera tchesi mwaluso ndi mnyamata wa ku Poland wotchedwa Bogdan, koma zina zapafupi zikumuthawa. M'buku lachinayi, la mu 2023, nkhani ya Stephen imafika pachimake, ndipo ndinene poyera kuti masamba amenewo ndi a zachikondi oposa mabuku ambiri amene amagulitsidwa ndi dzina la chikondi. Zofooka zilipo. Osman amakonda nthabwala mopitiriza, ndipo m'mabuku otsatirawo akayamba za dayamondi ndi magulu a zigawenga za kunja, Elizabeth amangoimbira foni anzake akale zinthu n'kutheka mosavuta. Pamenepo ndimasowa mudzi uja wa buku loyamba. Netflix inatulutsa filimu yake mu 2025, koma amene akufuna kumumva Joyce mmene amaganizira, ayambe ndi buku, chifukwa mitu yambiri ndi zimene iye amalemba yekha madzulo m'kabuku kake.

Pa onse amene ndawerenga zaka zimenezi, limene ndingaliike patsogolo ndi My Sister, the Serial Killer la Oyinkan Braithwaite wa ku Nigeria, la mu 2018. Ndi kabuku kakang'ono, mitu ina tsamba limodzi lokha. Mulibe chofufuza amene wapha, chifukwa dzina la buku lanena kale. Ayoola, mtsikana wokongola wa ku Lagos, wapha chibwenzi chake Femi, ndipo uyu ndi wachitatu. Waimbira foni mkulu wake Korede, namwino, amene wabwera ndi magolovesi ndi mankhwala otsukira, wakwecha bafa mpaka m'mizere ya matailosi, wathandiza kukulunga mtembo m'nsalu za pabedi, ndipo awiriwo akautaya m'madzi pa mlatho wa Third Mainland. Masiku otsatira ntchito ya Korede ndi kumuletsa mng'ono wake kuika zithunzi zosangalala pa intaneti pamene abale a Femi akumufunafuna.

Funso la bukuli ndi la Korede: adzamutchinjiriza mpaka liti? Limakula pamene Tade, dokotala amene Korede wakhala akumukonda mwakachetechete, amuona Ayoola tsiku limodzi n'kupempha nambala yake. Apa nkhani ya kupha ndi nkhani ya chikondi zakumana, ndipo chimene chazimanga pamodzi ndi ubale. Korede alibe womuuza, ndiye amakakhala pambali pa bedi la wodwala wina wotchedwa Muhtar, amene wakomoka kwa nthawi yaitali, n'kumamuululira zonse poganiza kuti sadzadzuka. Pang'onopang'ono tiwaona mayi awo amene diso lawo lili pa mwana wokongola yekha, ndi bambo awo omwalira amene anali wolemekezeka kunja koma chilombo m'nyumba, mwini wake wa mpeni umene Ayoola amayenda nawo. Ukafika pamenepo umamvetsa chifukwa chimene Korede sangapite kupolisi, ngakhale sukugwirizana naye. Ine ndine mwana woyamba kwathu, ndipo mawu aja akuti "ndiwe wamkulu, umuyang'anire mng'ono wako" ndinakula nawo. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Braithwaite watenga mawu amene timawanena monyadira n'kutionetsa mbali yake yoopsa, popanda kutinamiza pa tsamba lililonse.

Lina lochokera ku Nigeria komweko ndi Lightseekers la Femi Kayode, la mu 2021. Ophunzira atatu a payunivesite awotchedwa ndi gulu la anthu m'tauni yopeka ya Okriki, kufupi ndi Port Harcourt, ndipo zonse zinajambulidwa pafoni. Nkhaniyi inamera pa zimene zinachitikadi ku Aluu mu 2012, pamene anyamata anayi a payunivesite ya Port Harcourt anaphedwa motero. Bambo wa mmodzi mwa anyamatawo alemba ntchito Philip Taiwo, katswiri wa maganizo a anthu, kuti apeze chifukwa chake. Nkhope za opha zikuoneka pa kanema, koma ndani anayambitsa mphekesera, ndipo anapindula chiyani? Tauni yonse yatseka pakamwa. Kumapeto bukuli limathamanga kwambiri n'kulowa m'zinthu zimene sizinandikhutiritse, koma theka loyamba ndinaliwerenga ndikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, zimene zinaphetsa anthu osalakwa. Mlandu wa mudzi wonse ndi wovuta kuufufuza kuposa wa munthu mmodzi wobisala m'chipinda, ndipo ndikanakonda kuona mlembi wa kuno atautenga m'Chichewa.

Ku mbali ya zachikondi ndinayamba kale, ndi timabuku ta Mills & Boon, kampani imene inayamba ku London mu 1908, timene tinkazungulira m'hositelo mpaka chikuto kuthothoka. Panalinso a Pacesetters a Macmillan, amene anayamba mu 1977, olembedwa ndi anthu a mu Africa muno. Kuno kwathu Aubrey Kalitera ankadzisindikizira yekha mabuku ake m'zaka za m'ma 1980, ndipo mayina ake okha, Why Father Why ndi Mother Why Mother, akukuuzani kuti makolo anali pakati penipeni pa nkhani. M'mabuku amenewo chimene chinkatchinga okondana chinali chooneka ndi maso: bambo wokana, umphawi, mimba, kusiyana kwa kwawo.

Atsopano ambiri amagulitsidwa ndi kalembedwe kodziwika kale. Awiri odana amene adzakondana. Awiri onamizira chibwenzi amene chidzasanduka chenicheni. Awiri ofika pamalo ogona n'kupeza kuti bedi ndi limodzi. Zimenezi sizindivuta, chifukwa wowerenga amadziwa chimene wagula. Chimene chimandivuta ndi mkangano uja wa kumapeto, umene umabwera chifukwa masamba atsala makumi asanu ndipo mlembi akufuna misozi. Wina wamva theka la mawu pakhomo, wathawa, wazimitsa foni. Nkhani yoti akanaithetsa pa kapu imodzi ya tiyi. Zimatero chifukwa mlembi wachotsa aliyense amene akanabweretsa vuto lenileni. Onse awiri ali ndi ntchito zabwino, makolo ali kutali kapena anamwalira, palibe wolipirira fizi, palibe wodwala womuyang'anira, ndiye chotsala ndi mantha a m'mutu mwawo basi.

Emily Henry ndimamukhululukira zambiri chifukwa cha Book Lovers, la mu 2022. Nora amagwira ntchito yogulitsa mabuku a alembi kwa osindikiza ku New York, ndipo mng'ono wake Libby, amene ali woyembekezera, amukokera kukapuma m'katauni ka Sunshine Falls ku North Carolina. Kumeneko akumana ndi Charlie, mkonzi wa mabuku amene anayambana naye kale. Chikondi chawo n'chokoma, koma msana wa buku ndi Nora ndi Libby. Mayi awo atamwalira Nora anasanduka mayi, ndipo sakudziwa kusiya. Charlie nayenso wabwerera kwawo chifukwa bambo ake adwala ndipo sitolo ya mabuku ya banja lawo ikugwa. Awa ndi mavuto amene foni singathetse. Bolu Babalola m'buku lake Honey & Spice, la chaka chomwecho, wagwiritsa kalembedwe kaja ka chibwenzi chonamizira, koma wawaika Kiki ndi Malakai pakati pa gulu la ophunzira akuda pa koleji ina ya ku England, pamene aliyense ali ndi maso ndi pakamwa, ndipo Kiki ali ndi pulogalamu ya pawailesi yolangiza atsikana anzake. Akagwa m'chikondi, amagwa anthu akuona, ndipo zimenezo zimalemeretsa chilichonse chimene anena.

Latsala limene landivutitsa maganizo kuposa onse, It Ends with Us la Colleen Hoover. Linatuluka mu 2016, koma linadzaphulika patapita zaka chifukwa cha TikTok, ndipo filimu yake inabwera mu 2024. Chikuto chake n'cha maluwa ofiirira, ndipo atsikana ambiri amalitenga poganiza kuti ndi nkhani yokoma. Lily watsegula sitolo ya maluwa ku Boston, wakondana ndi Ryle, dokotala wochita opaleshoni ya ubongo. Tsiku lina akumwa vinyo n'kumaseka kukhitchini, Ryle watulutsa mbale mu uvuni ndi dzanja lopanda kanthu n'kupsa, Lily waseka, ndipo m'kamphindi komweko Ryle wamukankha n'kumumenyetsa pa chogwirira cha kabati. Kenaka kupepesa, kulira, kumupukuta bala. Hoover ananena kuti bukuli linachokera pa moyo wa mayi ake, ndipo pa tsamba limeneli zimaoneka kuti akudziwa chimene akulemba. Wowerenga amakhala atamukonda kale Ryle, ndiye amapezeka akumufunira zifukwa mmene Lily akuchitira.

Kalembedwe ka Hoover si kapamwamba, ndipo chibwenzi chakale cha Lily, Atlas, ndi wabwino mopitirira moti amaoneka ngati anamuika kuti wowerenga asachite mantha kuti Lily atsala yekha. Sindinakondwenso nditamva mu 2023 kuti akufuna kutulutsa buku lopaka utoto lochokera pa nkhani yomenyedwa, ngakhale anadzalisiya anthu atadandaula. Koma muli masamba awiri amene amaliombola, ndipo onse ndi a abale. Loyamba ndi la Allysa, mlongo wake wa Ryle, amenenso ndi mnzake wa Lily. Atamva zonse, amamuuza mlamu wake kuti monga mlongo akanakonda amukhululukire, koma monga mnzake sadzamulankhulanso akabwerera. Lachiwiri ndi la mayi ake a Lily, amene anapirira nkhanza za mwamuna wawo mpaka imfa yake. Lily ankaopa kuti amuuza kuti abwerere. M'malo mwake amamufotokozera mmene malire a zimene munthu angapirire amasunthira pang'onopang'ono, mpaka waiwala pamene anali poyamba.

Bukuli ndinamubwereka mwana wa achimwene anga, amene ali ku koleji, pa pangano loti akamaliza tikambirane. Anabwera nalo litapindika makona, tinakhala pakhonde tikusenda nandolo, ndipo funso lake loyamba linali lakuti, "Azakhali, nanga ankhoswe awo anali kuti? Bwanji abale a mbali zonse sanakhale pansi?" Iye amaona kuti kukanakhala kuno, malume ake a Ryle akanamudzudzula pamaso pa anthu, akanachita manyazi, mwina n'kusintha. Ndinamuyankha kuti ankhoswe abwino alipo ndithu, ndawaonapo akutenga mwana wawo usiku n'kunena kuti sabwerera mpaka zinthu zitalongosoka. Koma ndaonanso ena akumubweza mkazi ali ndi diso lotupa, ndi mawu aja akuti banja ndi kupirira, makamaka mwamuna akakhala kuti ndi amene amathandiza mbumba yonse, ndipo Ryle ndi dokotala wa ndalama. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Ndiye kuti kuno Lily akanalimbana ndi anthu khumi, osati mmodzi." Ndinati inde, ndipo mwina awiri mwa khumiwo akanakhala mbali yake, ndipo nkhani ikanakhala ya mmene awiriwo anagonjetsera asanu ndi atatu, kapena mmene analepherera. Iye sanavomere kuti akanalephera. Anati atsikana a msinkhu wake sadikira ankhoswe, amapita kupolisi ku ofesi yoona za nkhanza za m'banja. Ndinamufunsa ngati akudziwapo mmodzi amene anapitadi, ndipo anatchula awiri. Pochoka anatenga la Braithwaite, ati akufuna aone ngati Korede angamumvetse, popeza iye ndi wotsiriza kubadwa.